Kugonja kwa chipani cha Conservative pa chisankho cha 2024 ku Britain

Kugonja kwa chipani cha Conservative pa chisankho cha 2024 ndi kugwa kwa chipani chomwe chinalamulira dziko la United Kingdom kwa zaka 14, kuyambira mu May 2010 mpaka mu July 2024. Pa chisankho cha aphungu chomwe chinachitika pa 4 July 2024, chipanichi, motsogozedwa ndi nduna yaikulu Rishi Sunak, chinapeza mipando 121 yokha mwa mipando 650 ya m'nyumba ya malamulo ya House of Commons. Mu 2019 chinali chitapeza mipando 365. Chiyambireni m'zaka za m'ma 1830, chipanichi sichinagonjepo moipa chonchi. Boma linapita m'manja mwa chipani cha Labour cha Keir Starmer, chomwe chinapeza mipando 411.

Ofufuza za ndale ambiri amagwirizana kuti anthu sanathamangire ku Labour chifukwa choikonda kwambiri, koma anathawa a Conservative. Chipanichi chinataya zinthu ziwiri zomwe chinkadziwika nazo: mbiri yoti chimadziwa kusamala chuma cha dziko, ndi chikhulupiriro choti chikalonjeza chimachita. Zonsezi zinatayika chisankho chisanalengezedwe n'komwe, makamaka pakati pa 2021 ndi 2022.

Zotsatira za chisankho

A Conservative anapeza mavoti pafupifupi 6.8 miliyoni, omwe ndi 23.7 peresenti ya mavoti onse. Mu 2019 anapeza pafupifupi 14 miliyoni, kapena 43.6 peresenti. Izi zikutanthauza kuti m'zaka zosakwana zisanu theka la anthu omwe ankawavotera linawachokera. Ku Wales sanapeze phungu ngakhale mmodzi. Nduna zingapo zinaluza m'madera mwawo, kuphatikizapo Penny Mordaunt ndi Grant Shapps, ndipo Liz Truss, yemwe anakhalapo nduna yaikulu, anagonja m'dera la South West Norfolk ndi mavoti 630.

Chochititsa chidwi n'chakuti Labour inapeza 33.7 peresenti yokha, ndipo mavoti ake, 9.7 miliyoni, anali ochepa kuyerekeza ndi omwe inapeza mu 2019 pomwe inagonja. Chipani cha Liberal Democrats chinapeza mipando 72. Chipani cha Reform UK cha Nigel Farage chinapeza mavoti oposa 4 miliyoni koma mipando isanu yokha. Kusiyana kotereku kumabwera chifukwa cha kavotedwe ka ku Britain, komwe n'kofanana ndi ka aphungu ku Malawi ndi ku Zambia: wopeza mavoti ambiri m'dera ndiye wapambana, ngakhale asafike theka.

Mbiri ya chipanichi

Chipani cha Conservative, chomwe anthu ake amatchedwanso a Tory, ndi chimodzi mwa zipani zakale kwambiri padziko lapansi, ndipo chalamulira Britain nthawi yaitali kuposa chipani china chilichonse m'zaka 100 zapitazi. Mfundo zake ndi misonkho yotsika, ufulu wa amalonda, kusunga miyambo ya dziko monga ufumu, ndi kukhwimitsa malamulo. Ambiri omwe ankachivotera sankachikonda kwenikweni. Ankangoona kuti ndi anthu ouma mtima koma odziwa ntchito.

N'chifukwa chake chipanichi chimagwa kwambiri mbiri imeneyi ikawonongeka. Pa 16 September 1992, boma la John Major linalephera kuteteza mphamvu ya ndalama ya paundi ndipo linakakamizika kuichotsa m'ndondomeko ya ndalama za maiko a ku Ulaya. Chuma chinadzayamba kuyenda bwino m'zaka zotsatira, koma ovota sanaiwale. Mu 1997 chipanichi chinatsala ndi aphungu 165 ndipo chinakhala kunja kwa boma zaka 13.

Chinabwereranso mu 2010 ndi David Cameron, mogwirizana ndi a Liberal Democrats. Boma limenelo linadula ndalama zopita ku makhonsolo, apolisi, makhoti ndi chithandizo cha osauka pofuna kuchepetsa ngongole. Mu 2016 Cameron anaitanitsa riferendamu yofunsa ngati Britain ituluke mu European Union. Pa 23 June anthu 51.9 peresenti anavotera kutuluka, Cameron anatula pansi udindo, ndipo Theresa May, yemwe analowa m'malo mwake, anatha zaka zitatu akukangana ndi aphungu a chipani chake chomwe za njira yotulukira.

Ovota a 2019

Boris Johnson anapambana chisankho cha pa 12 December 2019 ndi lonjezo limodzi lalikulu, lakuti amaliza nkhani ya Brexit. Anasonkhanitsa anthu awiri osiyana kwambiri. Gulu loyamba linali la anthu opeza bwino a kum'mwera kwa England, eni nyumba ndi opuma pantchito, omwe amafuna misonkho yochepa. Lachiwiri linali la anthu a m'matauni akale a migodi ndi mafakitale kumpoto ndi m'chigawo chapakati, monga Bolsover, Blyth Valley ndi Sedgefield, omwe makolo awo ankavotera Labour moyo wawo wonse. Awa amafuna boma liwononge ndalama zambiri kwawo. Johnson anawalonjeza zipatala 40 zatsopano, anamwino, apolisi ndi chitukuko chofanana ndi cha kum'mwera, kwinaku akulonjezanso kuti sakweza misonkho ikuluikulu.

Chomwe chinamanga magulu awiriwa chinali Brexit ndi mantha omwe ambiri anali nawo pa Jeremy Corbyn, mtsogoleri wa Labour wa nthawiyo. Britain inatuluka mu European Union pa 31 January 2020, ndipo Corbyn anachoka pampando mu April chaka chomwecho. Zingwe zonse ziwiri zitaduka, chipanichi chinatsala ndi malonjezo otsutsana.

Maphwando a ku Downing Street

Pa nthawi ya mliri wa Covid-19 boma linaika malamulo okhwima a m'bindikiro. Anthu analetsedwa kuyenderana, maliro ankakhala ndi anthu ochepa, ndipo ambiri sanathe kutsanzikana ndi abale awo omwe anamwalira m'zipatala. Kumapeto kwa November 2021 nyuzipepala ya Daily Mirror inayamba kuulula kuti ku 10 Downing Street, komwe ndi nyumba ndi ofesi ya nduna yaikulu, kunkachitika maphwando m'masiku omwewo. Nkhani yomwe inapweteka anthu kwambiri inali ya maphwando awiri a usiku wa pa 16 April 2021. Mawa lake Mfumukazi Elizabeth II inakhala yokhayokha pampando m'tchalitchi pa maliro a mwamuna wake, Prince Philip, potsatira malamulo omwewo.

Johnson anauza nyumba ya malamulo kuti malamulo onse anatsatidwa. Apolisi a ku London atafufuza anapereka zindapusa 126 kwa anthu 83, ndipo mu April 2022 Johnson ndi Sunak, yemwe anali nduna ya zachuma, analipitsidwa mapaundi 50 aliyense. Johnson anakhala nduna yaikulu yoyamba kulangidwa chifukwa chophwanya lamulo ili pampando. Ndalamayo inali yochepa, koma nkhani sinali pa ndalama. Munthu aliyense m'dzikomo anali ndi chinthu chake chomwe anadzimana chifukwa cha malamulowo, choncho aliyense anaimva nkhaniyi ngati yake. Mu June 2023 komiti ya aphungu, momwe a Conservative anali ochuluka, inapeza kuti Johnson ananamiza nyumba ya malamulo mwadala. Iye anasiya uphungu lipotilo lisanatuluke.

Panalinso nkhani zina. Mu November 2021 boma linayesa kusintha malamulo pofuna kupulumutsa phungu Owen Paterson, yemwe anapezeka kuti ankalankhulira makampani omwe ankamulipira. Paterson atatula pansi udindo, dera lake la North Shropshire, lomwe linali la a Conservative kwa zaka zambirimbiri, linapita kwa a Liberal Democrats pa chisankho chapadera. Kuyambira nthawi imeneyo kafukufuku wofunsa maganizo a anthu anayamba kusonyeza Labour ili patsogolo, ndipo a Conservative sanabwererenso patsogolo mpaka tsiku la chisankho. Johnson analengeza zochoka pa 7 July 2022, nduna ndi othandizira nduna oposa 50 atasiya ntchito m'masiku awiri.

Masiku 49 a Liz Truss

Malinga ndi malamulo a chipanichi, aphungu amasankha anthu awiri ndipo mamembala ndiwo amasankha mtsogoleri pa awiriwo. Mamembalawa ndi ochepa, ambiri ndi achikulire ndi opeza bwino, ndipo maganizo awo sayimira dziko lonse. Mu September 2022 anasankha Liz Truss ndi mavoti 81,326 pomwe Sunak anapeza 60,399, ngakhale kuti aphungu ambiri ankafuna Sunak. Motero dziko la anthu oposa 65 miliyoni linalandira nduna yaikulu yosankhidwa ndi anthu osakwana kudzaza bwalo la mpira la Wembley.

Pa 23 September nduna yake ya zachuma, Kwasi Kwarteng, inalengeza kudula misonkho ndi mapaundi 45 biliyoni, osanena komwe ndalama zotsekera mpatawo zichokere. Zina mwa izo zinali zochotsa msonkho wapamwamba wa anthu olemera kwambiri. Bungwe lodziyimira palokha lomwe limaunika bajeti ya boma, la Office for Budget Responsibility, silinaloledwe kutulutsa kauniuni wake. Obwereketsa boma ndalama anachita mantha. Pa 26 September paundi inatsika kufika pafupifupi madola 1.03 a ku America, mtengo wotsikitsitsa m'mbiri yake. Chiwongoladzanja pa ngongole za boma chinakwera msangamsanga moti mabungwe ena osunga ndalama za penshoni anatsala pang'ono kugwa, ndipo pa 28 September banki yaikulu ya Bank of England inalowererapo kuti iwapulumutse. Mabanki anachotsa pamsika mazanamazana a ngongole zogulira nyumba, ndipo zitabweranso zinali zodula.

Truss anachotsa Kwarteng pa 14 October, nduna yatsopano Jeremy Hunt inafafaniza pafupifupi zonse zomwe zinalengezedwa, ndipo pa 20 October Truss analengeza kuti akutula pansi udindo. Anakhala pampando masiku 49, nthawi yaifupi kuposa nduna yaikulu ina iliyonse. Nyuzipepala ya Daily Star inali itaika letesi patsogolo pa kamera pa intaneti n'kumafunsa ngati Truss angakhalitse kuposa ndiwo zamasambazo. Letesi ndi amene anapambana.

Kunena mwachilungamo, si mavuto onse a nthawiyo omwe anayamba ndi Truss. Mitengo ya gasi inali itakwera chifukwa cha nkhondo ya Russia ndi Ukraine, ndipo chiwongoladzanja chinkakwera m'maiko ambiri. Kukwera mitengo kwa zinthu kunafika 11.1 peresenti mu October 2022, zomwe zinali zisanaonekepo kwa zaka 41, ndipo Bank of England inakweza chiwongoladzanja kuchoka pa 0.1 peresenti mu 2021 kufika pa 5.25 peresenti mu August 2023. Koma mwini nyumba aliyense yemwe ngongole yake ya pamwezi inakwera anali ndi dzina loloza chala. Ndipo eni nyumba ndiwo anali msana wa chipanichi.

Zipatala ndi moyo wa tsiku ndi tsiku

Sunak atalowa, mu January 2023 analonjeza zinthu zisanu: kutsitsa ndi theka kukwera kwa mitengo, kukuza chuma, kuchepetsa ngongole ya boma, kuchepetsa anthu odikira chithandizo m'zipatala, ndi kuletsa maboti a anthu olowa m'dziko mozemba. Loyamba lokha ndi lomwe linatheka mosakayikitsa.

Mndandanda wa odikira chithandizo m'zipatala za boma za NHS ku England unali pafupifupi 2.5 miliyoni mu 2010, koma mu September 2023 unapitirira 7.7 miliyoni. Mu December 2022 anamwino a m'bungwe la Royal College of Nursing ananyanyala ntchito, ndipo madokotala, aphunzitsi ndi ogwira ntchito za sitima za pamtunda nawonso anachita sitalaka. Makhonsolo ena, kuphatikizapo ya mzinda waukulu wa Birmingham, analengeza kuti ndalama zawathera. Misonkho inafika pokwera kuposa nthawi ina iliyonse m'zaka pafupifupi 70, m'manja mwa chipani chomwe chimadzitama ndi misonkho yotsika. Mu October 2023 Sunak anaimitsa gawo la njanji ya sitima zothamanga ya HS2 lomwe limayenera kukafika ku Manchester, ndipo analengeza zimenezi ali mumzinda wa Manchester momwemo. Kwa ovota a kumpoto, lonjezo la 2019 linathera pamenepo.

Achinyamata anali atachoka kalekale. Fizi ya ku yunivesite inakwezedwa kufika mapaundi 9,000 pachaka mu 2012, nyumba zinadula moti ambiri sangagule, ndipo ambiri mwa iwo sanafune Brexit. Kafukufuku wa YouGov anapeza kuti mwa ovota osakwana zaka 30, osafika mmodzi pa 10 alionse ndiwo anavotera a Conservative mu 2024.

Nkhani ya anthu obwera

Palibe nkhani yomwe inaonetsa kusiyana kwa mawu ndi zochita kuposa iyi. Mu 2010 Cameron analonjeza kuti chiwerengero cha olowa m'dziko, kuchotserapo otuluka, chitsika pansi pa 100,000 pachaka. Lonjezoli linabwerezedwa mu 2015 ndi mu 2017, ndipo ambiri anavotera Brexit poganiza kuti ndiyo njira yake. Koma mu November 2023 ofesi ya boma yowerengera anthu inalengeza kuti chiwerengero cha 2022 chinali 745,000, ndipo pambuyo pake inapeza kuti chinapitirira 900,000 m'chaka chothera June 2023.

Ambiri mwa anthuwa analowa mwalamulo, ndi ziphaso zoperekedwa ndi boma lomwelo, chifukwa mayunivesite ankafuna ophunzira olipira fizi ndipo zipatala ndi nyumba zosamalira okalamba zinalibe antchito. Mu February 2022 boma linatsegula ziphaso za osamalira okalamba, ndipo anthu zikwizikwi anachokera ku India, Nigeria ndi Zimbabwe. Mu March 2024 boma lomwelo linawaletsa kubwera ndi mabanja awo. Chuma chinkafuna anthu, ndale zinkafuna kuwakana, ndipo boma linachita zonse ziwiri.

Pofuna kuonetsa mphamvu, boma linalimbana ndi anthu owoloka nyanja ya English Channel pa maboti ang'onoang'ono, omwe anapitirira 45,000 mu 2022. Mu April 2022 linapangana ndi dziko la Rwanda kuti opempha malo othawirako azitumizidwa kumeneko. Khoti lalikulu la Supreme linagamula pa 15 November 2023 kuti ndondomekoyi ndi yosemphana ndi malamulo. Boma linakhazikitsa lamulo latsopano lonena kuti Rwanda ndi dziko lotetezeka, koma mpaka tsiku la chisankho panalibe munthu yemwe anatumizidwa mokakamiza. Anayi okha ndiwo anapita mwakufuna kwawo, ndipo boma latsopano linati ndondomekoyi inadya mapaundi 700 miliyoni. Omwe ankaiona kuti ndi nkhanza anakwiya, ndipo omwe ankaifuna anakwiyanso poona kuti yalephera.

Kampeni

Sunak analengeza chisankho pa 22 May 2024 ataima panja pa Downing Street, mvula ikumunyowetsa, opanda ambulera. Pa 6 June anachoka msanga ku mwambo wokumbukira zaka 80 za asilikali omwe anafera ku Normandy pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, n'kubwerera kukajambulitsa zokambirana za pa wailesi ya kanema. Anapepesa, koma anali atakhumudwitsa achikulire, gulu lokhalo lomwe linali likadali naye. Kenako zinadziwika kuti anthu ena oyandikana naye anabetcha ndalama pa tsiku la chisankho lisanalengezedwe. Kampeniyi inali yoipa, komabe siyomwe inagwetsa chipanichi: Labour inali kale patsogolo ndi pafupifupi 20 peresenti pa kafukufuku kwa miyezi yambiri.

Komwe mavoti anapita

Mavoti a chipanichi anabalalikira mbali zingapo nthawi imodzi. Gawo lalikulu linapita ku Reform UK. Mu 2019 Farage, yemwe panthawiyo ankatsogolera Brexit Party, sanaimitse anthu m'madera 317 omwe anali a Conservative. Mu 2024 anaimitsa pafupifupi paliponse, ndipo iye mwini anapambana ku Clacton atalephera kasanu ndi kawiri m'mbuyomu. M'madera oposa 150 omwe a Conservative anataya, mavoti a Reform anali ochuluka kuposa kusiyana kwa wopambana ndi wa Conservative. Izi sizikutanthauza kuti Reform ikanapanda kuima onsewo akanabwerera, chifukwa ambiri mwa iwo akanangokhala kunyumba.

Kum'mwera, ophunzira ndi opeza bwino anapita kwa a Liberal Democrats, omwe anatenga Witney, dera lakale la Cameron, ndi Maidenhead, la Theresa May. Otsutsa boma anaphunziranso kuvota mochenjera: m'dera lililonse ankavotera yemwe angathe kugwetsa wa Conservative, kaya ndi wa Labour kapena wa Liberal Democrats. Ena sanavote n'komwe, moti anthu omwe anaponya voti anali pafupifupi 60 peresenti ya olembetsa. Pa olembetsawo palinso nzika za maiko a Commonwealth zokhala ku Britain mwalamulo, monga Amalawi ndi anthu a ku Zambia, zomwe zili ndi ufulu wovota kumeneko.

M'chipanimo mpaka pano mkangano ulipo. Ena amati chinagonja chifukwa chinasiya mfundo zake, n'kukweza misonkho ndi kulola obwera ochuluka. Ena amati chinagonja chifukwa chothamangitsa ovota a Farage mpaka kuthawitsa anthu a pakatikati. Mbali iliyonse ili ndi ziwerengero zoiyikira kumbuyo, ndipo vuto ndi lomwelo: sitepe iliyonse yobweza gulu limodzi imakankhira gulu linalo kutali.

Pambuyo pa chisankho

Sunak anapepesa kwa dziko pa 5 July 2024 ndipo analengeza kuti atula pansi utsogoleri wa chipani. Pa 2 November mamembala anasankha Kemi Badenoch, yemwe anabadwira ku London n'kukulira ku Nigeria, atagonjetsa Robert Jenrick. Iye ndi munthu wakuda woyamba kutsogolera chimodzi mwa zipani zikuluzikulu za ku Britain. Ngakhale boma la Labour linayamba kudedwa msanga, mavoti a okhumudwa sanabwerere kwa a Conservative. Pa chisankho cha makhonsolo cha pa 1 May 2025 chipanichi chinataya makhansala oposa 600, ndipo makhonsolo monga Kent ndi Lincolnshire, omwe chinawalamulira kwa zaka zambiri, anapita kwa Reform UK.